Phindu Likusefukira, Antchito Akuchotsedwa: Mmene Ulamuliro Umayendera Mkati mwa Microsoft

Mu Meyi 2025 kampani ya Microsoft inachotsa ntchito anthu pafupifupi 6,000, ndipo mu Julayi inachotsanso ena pafupifupi 9,000. Chimene chinazunguza anthu mutu n'chakuti kampaniyi sinali pa mavuto a ndalama ayi. M'chaka chake cha zachuma chomwe chinatha mu Juni 2025 inapeza phindu loposa madola 100 biliyoni. Ngakhale mkulu wake, Satya Nadella, anavomera m'kalata yopita kwa antchito kuti zinthu ziwirizi n'zovuta kuzimvetsa zikaikidwa pamodzi.

Nkhani yotere ikamveka, ambiri timafulumira kunena kuti mabwana ndi ouma mtima, kapena kuti ochotsedwawo anali aulesi. Mayankho onse awiriwa amasiya kunja chinthu chachikulu. Kampani ya anthu oposa 200,000 siyendera mtima wa munthu mmodzi. Imayendera mmene inagawidwira, mmene imayezera ntchito ya munthu, ndi mmene imagawira ndalama za malipiro. Zimenezi ndi zomwe zimauza wantchito, popanda wina kutsegula pakamwa, kuti mnzake ndani ndipo wopikisana naye ndani. Microsoft ndi pabwino kuphunzirirapo chifukwa inatsatira njira imodzi kwa zaka zambiri, n'kuisiya poyera mu 2013, ndipo zambiri za mkati mwake zinafotokozedwa ndi anthu amene anagwirako ntchito.

Ndani amalamula ndani

Eni ake a Microsoft ndi anthu ndi mabungwe amene ali ndi masheya, kutanthauza timagawo ta umwini wa kampani tomwe timagulidwa ndi kugulitsidwa pa msika. Eni masheya amasankha bodi, kagulu ka anthu ochepa kamene ntchito yake yaikulu ndi kulemba kapena kuchotsa mkulu wa kampani, amene amatchedwa CEO. Chiyambire 1975, pomwe Bill Gates ndi Paul Allen anaiyambitsa, Microsoft yakhala ndi akulu otere atatu okha: Gates mwiniwake, Steve Ballmer kuyambira 2000 mpaka 2014, kenako Nadella. Pansi pa CEO pali akuluakulu a nthambi, pansi pawo achiwiri awo, kenako mamanejala a mamanejala, mpaka kufika kwa injiniya amene amalemba mapulogalamu.

Pambali pa makwerero amenewa pali ofesi yoona za antchito, yomwe m'maofesi ambiri imangotchedwa HR. Ambiri timaidziwa ngati kokasiya kalata yopempha tchuthi, koma m'kampani yaikulu mphamvu yake ili pena. HR ndi imene imakonza magiredi, imakhazikitsa malipiro a giredi iliyonse, ndipo imalemba malamulo oyezera ntchito. Ku Microsoft magiredi ali ndi manambala: injiniya wongochoka kumene ku yunivesite amayambira pa 59, ndipo kufika pa 68 ndiye kuti walowa m'gulu la akuluakulu ochepa. Malipiro a munthu ali patatu: a pamwezi, bonasi, ndi masheya omwe amawalandira pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Ziwiri zomalizazi zimadalira kwambiri mmene ntchito yake yayezedwera chaka chimenecho. Choncho amene wagwira muyezo wagwiranso thumba la munthu. Tisaiwale kuti mkulu wa HR naye bwana wake ndi CEO. Ofesiyi imathandiza antchito pa zambiri, koma inakhazikitsidwa kuti itumikire kampani.

Njira ziwiri zogawira kampani

Kampani ikakula imayenera kugawidwa, ndipo pali njira ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi kugawa potengera malonda: chinthu chilichonse chimene kampani imagulitsa chimakhala ndi nthambi yake, bwana wake, mainjiniya ake, ndi buku lake lowerengera phindu ndi kuluza. Yachiwiri ndi kugawa potengera luso: mainjiniya onse pamodzi, otsatsa malonda onse pamodzi, azachuma onse pamodzi, buku la phindu n'kukhala limodzi la kampani yonse. Apple inatenga njira yachiwiriyi Steve Jobs atabwerera mu 1997.

Microsoft ya nthawi ya Ballmer inali pa njira yoyamba. Kufika 2013 inali ndi nthambi zisanu: ya Windows, ya mapulogalamu a mu ofesi monga Word ndi Excel, ya maseva (makompyuta akuluakulu otumikira makompyuta ena), ya ntchito za pa intaneti monga Bing, ndi ya zosangalatsa momwe munali makina a masewero a Xbox. Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu. Zinthu zikalakwika mumadziwa khomo loti mugogode, ndipo bwana wa nthambi amatha kupanga chiganizo msanga osadikira kampani yonse. Vuto limabwera pamene chinthu chatsopano chikufuna thandizo la nthambi ziwiri, koma phindu lake lidzalowa m'buku la nthambi imodzi. Bwana winayo amafunsa kuti: ndipereke bwanji mainjiniya anga ku ntchito imene sidzaoneka pa lipoti langa? Funsoli si la munthu woipa. Ndi funso limene kagawidwe ka kampani kamuika m'kamwa.

Mu Febuluwale 2010, Dick Brass, yemwe anali mmodzi wa akuluakulu a Microsoft, analemba m'nyuzipepala ya New York Times zimene anaona. Gulu lake linkapanga kompyuta yathyathyathya yolembapo ndi cholembera mu 2001, zaka zambiri iPad isanatuluke. Malinga ndi iye, yemwe ankatsogolera nthambi ya Office, ya Word ndi Excel ija, sanafune kusintha mapulogalamu ake kuti agwire bwino ntchito pa chipangizocho, ndipo izi zinachifooketsa. Anatchulanso luso la ClearType, lopangitsa zilembo kuoneka bwino pa sikirini, limene anati linachedwetsedwa zaka zambiri chifukwa magulu ena ankaliona ngati chiopsezo. Kampani inayankha kuti chithunzi chimene Brass anapereka sichinali chokwanira, ndipo inaloza zinthu zimene zinayenda bwino monga Xbox. Komabe mbiri ya kukokanakokana inamamatira. Mu 2011 injiniya wina wojambula, Manu Cornet, anajambula mmene makampani akuluakulu a zaukadaulo amayendera, ndipo Microsoft anaijambula ngati magulu olozana mfuti. Chithunzicho chinafala kwambiri, ndipo Nadella mwiniwake anadzanena pambuyo pake kuti chinamukhudza.

Kusanja antchito pamndandanda

Ngati kagawidwe kankayambanitsa nthambi ndi nthambi, muyezo wa ntchito unkayambanitsa munthu ndi mnzake wokhala naye desiki limodzi. Njirayi imatchedwa stack ranking, kutanthauza kusanja antchito kuyambira wopambana mpaka wotsiriza, chiwerengero cha olowa m'gulu lililonse chitakhazikitsidwa kale ntchito isanayezedwe. Amene anaitchukitsa ndi Jack Welch, yemwe anatsogolera kampani ya General Electric kuyambira 1981 mpaka 2001. Iye ankagawa antchito patatu: 20 pa 100 aliwonse apamwamba, 70 apakati, ndi 10 otsiriza omwe ankayenera kusintha kapena kuchoka. Ku Microsoft, m'zaka zomaliza za njirayi, munthu ankapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 5. Wolandira 1 ankapata bonasi ndi masheya ochuluka. Wolandira 5 ankatuluka wopanda kanthu, ndipo ntchito yake inkakhala pa chiopsezo.

Kuti mumvetse chimene chimachitika, kumbukirani tsiku lotsekera sukulu, aphunzitsi akuwerenga amene wakhala nambala 1, nambala 2, mpaka womaliza. Tsopano tiyerekeze kuti sukuluyo yalamula kuti teremu iliyonse ana asanu omaliza azichotsedwa, ngakhale atakhoza mayeso onse. M'kalasi ya ana anzeru okhaokha, wopeza 80 pa 100 akhoza kuchotsedwa, pomwe m'kalasi ina wopeza 55 akulandira mphatso. Mwana wochenjera adzasiya kubwereketsa kope lake, ndipo akapatsidwa mwayi wosankha kalasi adzathawa momwe muli anzeru anzake.

Zoterezi ndi zimene antchito a Microsoft anauza mtolankhani Kurt Eichenwald, yemwe nkhani yake inatuluka m'magazini ya Vanity Fair mu 2012. Iye analemba kuti aliyense amene anacheza naye, wogwirabe ntchito ndi wochoka yemwe, anatchula kusanjaku ngati chinthu chowononga kwambiri mkati mwa kampani. Mmodzi anafotokoza kuti mukakhala anthu khumi m'gulu, mumadziwiratu tsiku loyamba lomwe kuti awiri adzayamikiridwa kwambiri, asanu ndi awiri adzauzidwa kuti ndi apakatikati, ndipo mmodzi adzalandira lipoti loipa, ngakhale nonse mutagwira bwino chotani.

Ndale zenizeni zinkachitikira pa msonkhano wa mamanejala. Manejala wanu sankapereka nambala payekha. Ankapita kukakhala pansi ndi mamanejala anzake, aliyense atanyamula mayina a anthu ake, n'kuyamba kulimbirana malo ochepa a pamwamba ndi kukankhirana malo a pansi. M'chipindamo, wantchito amene mamanejala ena sanamumvepo anali wosavuta kumutsitsa, chifukwa panalibe womulankhulira kupatula bwana wake yekha. Manejala wolankhula mwamphamvu ankapulumutsa anthu ake, wofatsa n'kutuluka atagonja. Ena ankapangana kuti ukandithandiza pa uyu, ine ndikuthandiza pa uyo. Wantchito wozindikira anaphunzira kuti kugwira ntchito yabwino sikokwanira: ankayenera kuonekera kwa mabwana a magulu ena, kulankhula pa misonkhano yoyenera, ndi kusankha ntchito zotha msanga zoti adzaloze nthawi yoyezedwa ikakwana. Ntchito yaitali, yofuna zaka zitatu kapena zinayi isanabale zipatso, inali yoika munthu pa ngozi. Kwa ine, mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa nkhani ya kaduka, chifukwa kampani ya zaukadaulo imakhala ndi moyo ndi ntchito zazitali zomwezo.

Zimene oikira kumbuyo njirayi amanena

Kusanjaku sikunayambike chifukwa cha nkhanza, ndipo mfundo za ochikonda n'zofunika kuzimva. Manejala ndi munthu, ndipo kuuza mnzako maso ndi maso kuti ntchito yake siikukwanira n'kowawa. Mukawasiya okha mamanejala, ambiri amalemba kuti anthu awo onse ndi abwino, bonasi n'kugawidwa mofanana. Zikatero wolimbikira amagwa mphwayi, poona kuti akulandira zofanana ndi wongokhala, ndipo amapita ku kampani ina. Welch ankanena kuti kubisira munthu zoona mpaka tsiku limene mudzamuchotse mwadzidzidzi ndiye nkhanza yeniyeni. Palinso nkhani ya thumba: ndalama za bonasi zili ndi malire, ndipo mwanjira iliyonse wina ayenera kusankha wolandira zambiri.

Otsutsa amayankha kuti njirayi imathandiza pa zaka zoyambirira zokha. Kafukufuku wa 2005 wa Steven Scullen ndi anzake, yemwe anayerekezera pa kompyuta mmene kampani ingayendere ikamachotsa otsiriza chaka ndi chaka, anapeza kuti phindu lake limakhala lalikulu poyamba kenako n'kumachepa. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: ofooka enieni akatha, lamulo limafunabe otsiriza, ndiye mumayamba kudula anthu abwino. Ena anadandaula kuti msonkhano wa mamanejala umatsegulira khomo tsankho. Mu 2015 Katie Moussouris, katswiri wa chitetezo cha makompyuta, anasumira Microsoft ponena kuti muyezowu unkapondereza amayi. Kampani inakana mlanduwo, ndipo mu 2018 khothi linakana kuti uzengedwe m'malo mwa gulu lonse la amayi ogwira ntchito zaukadaulo kumeneko.

Tionjezere kuti nthawi ya Ballmer sinali ya kuluza. Ndalama zolowa pa chaka zinakwera kuchoka pa madola pafupifupi 23 biliyoni mu 2000 kufika pafupifupi 78 biliyoni mu 2013. Chimene sichinakwere ndi mtengo wa masheya, ndipo kampani inatsalira pa msika wa mafoni ndi wa kufufuza pa intaneti. Kuti kutsalaku kunachokera pa kusanja antchito, kapena pa ziganizo za akuluakulu, kapena pa kuopa kugwedeza Windows yomwe inkabweretsa ndalama zambiri, ndi nkhani imene anthu amatsutsanabe.

2013, chaka cha mpungwepungwe

Zinthu zinathamanga kwambiri pa miyezi yochepa. Mu Novembala 2012 Steven Sinofsky, mkulu wa Windows yemwe ambiri ankamuona ngati wodzalowa m'malo mwa Ballmer, anachoka mwadzidzidzi patangopita milungu yochepa Windows 8 itatuluka. Mu Epulo 2013 zinadziwika kuti kampani yoika ndalama m'mabizinesi ya ValueAct Capital yagula masheya a Microsoft a madola pafupifupi 2 biliyoni. Gawo lake silinafike ngakhale 1 pa 100, koma makampani otere mphamvu yawo ili pa kukopa eni masheya ena kuti afune kusintha, ndipo pofika kumapeto kwa Ogasiti ValueAct inali italonjezedwa mpando mu bodi.

Pa 11 Julayi Ballmer analengeza kagawidwe katsopano kotchedwa One Microsoft. Nthambi zisanu zija zinaphwasulidwa, kampani n'kugawidwa potengera luso, mainjiniya n'kuikidwa m'magulu anayi akuluakulu. Limodzi mwa magulu amenewa, loona za ntchito za cloud, kutanthauza kubwereketsa mphamvu ya makompyuta kudzera pa intaneti, linapatsidwa kwa Nadella. Pa 23 Ogasiti Ballmer analengeza kuti atula pansi udindo miyezi 12 isanathe, ndipo tsiku lomwelo mtengo wa masheya unakwera ndi pafupifupi 7 pa 100. Mu Sepitembala kampani inalengeza kuti igula bizinesi ya mafoni ya Nokia pa madola pafupifupi 7.2 biliyoni, chiganizo chimene Nadella anadzaulula kuti anachikana atafunsidwa maganizo. Kenako pa 12 Novembala, mkulu wa HR, Lisa Brummel, analembera antchito onse kuti kusanja kwatha: sipadzakhalanso manambala, ndipo sipadzakhalanso chiwerengero chokhazikitsidwa cha otsiriza.

Onani ndondomeko ya masikuwa. Anthu ambiri amaganiza kuti Nadella ndi amene anathetsa kusanja ndi kugwetsa makoma a nthambi, koma zonse ziwiri zinachitika Ballmer adakali pampando. Nadella anasankhidwa pa 4 Febuluwale 2014, bodi itafufuza kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi motsogozedwa ndi John W. Thompson. Mayina ena amene ankamveka anali Alan Mulally wa ku Ford ndi Stephen Elop wa ku Nokia. Bodi inasankha munthu wa mkati, wobadwira ku Hyderabad m'dziko la India, yemwe anali m'kampaniyi kuyambira 1992. Tsiku lomwelo Gates anasiya upampando wa bodi, Thompson n'kutenga malo ake.

Zimene zinasintha, ndi zimene sizinasinthe

Muyezo watsopano unafunsa mafunso atatu m'malo mwa limodzi: wachita chiyani iweyo, wathandiza bwanji anzako kuti apambane, ndipo wagwiritsa bwanji ntchito zimene ena anapanga kale? Funso lachitatuli ndi lofunika kwambiri pakati pa mainjiniya, chifukwa kale munthu ankatamandidwa akapanga chake chatsopano ngakhale gulu lina litapanga kale chofanana nacho. M'malo mwa chigamulo chimodzi pa chaka, wantchito ndi manejala wake anayamba kukambirana kangapo. Nadella, pamodzi ndi mkulu watsopano wa HR, Kathleen Hogan, analimbikitsa mfundo ya katswiri wa za maganizo Carol Dweck yakuti luso la munthu limakula ndi kuphunzira, si chinthu chongobadwa nacho.

Mawu okha sakanakhutiritsa aliyense, koma zochita zina zinaonetsa kuti mphamvu zasamuka. Mu Malichi 2014 Office inatuluka pa iPad, chinthu chimene Microsoft yoteteza Windows inachizengereza kwa zaka. Mu 2018 nthambi ya Windows inagawidwa pakati pa magulu ena, ndipo mkulu wake Terry Myerson anachoka. Mu 2019 mtengo wa kampani yonse pa msika unafika madola 1 thiriliyoni, ndipo mu Januwale 2024 unafika 3 thiriliyoni. Ena amati chikhalidwe chatsopano ndiye chinabala zimenezi. Ena amati ndi bizinesi ya cloud yotchedwa Azure, yomwe inayambika nthawi ya Ballmer, ndipo chikhalidwe chinangokoma chifukwa masheya a antchito ankakwera mtengo.

Kuchotsa anthu ntchito ndiye sikunathe. Mu Julayi 2014, Nadella atangokhala miyezi isanu pampando, ntchito 18,000 zinadulidwa, pafupifupi 12,500 mwa izo zochokera ku Nokia. Chaka chotsatira kampani inavomera kuti yataya madola 7.6 biliyoni pa malonda a Nokia aja, n'kudulanso ntchito 7,800. Mu Januwale 2023 inadula zina 10,000. Anthu ambiri mwa amenewa sanachotsedwe chifukwa cholephera ntchito. Anachotsedwa chifukwa bokosi limene analimo pa chithunzi cha kampani linafufutidwa.

Izi zikuthandiza kumvetsa za 2025. Kampani inanena kuti ikufuna kuchepetsa makwerero a mamanejala, kuti pakati pa CEO ndi injiniya pakhale anthu ochepa odutsamo. Nthawi yomweyo inali italengeza kuti igwiritsa ntchito madola pafupifupi 80 biliyoni m'chaka chimodzi pomanga nyumba zosungira makompyuta a AI, kutanthauza luntha lochita kupangidwa. Phindu lilipo, koma akuluakulu asankha kulilozetsa kwina, ndipo magulu amene sali pafupi ndi komwe ndalama zikupita ndi amene amadulidwa. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho kampani inachotsanso anthu ena ponena kuti ntchito yawo sinkakwanira, ndipo Meta, mwini wa Facebook, nayo inalengeza kuti ichotsa pafupifupi 5 pa 100 a antchito ake pa chifukwa chofanana. Zimenezi zadzutsa funso ngati kusanja kukubwerera mwakachetechete m'makampani a zaukadaulo.

Amene amadziwa malamulo a ntchito a ku Malawi akhoza kudabwa kuti zimatheka bwanji mosavuta chonchi. Lamulo la ntchito la Malawi la 2000 limafuna kuti bwana akhale ndi chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kulephera ntchito, wantchito apatsidwe mwayi wodziteteza. M'zigawo pafupifupi zonse za United States, bwana akhoza kuthetsa ntchito ya munthu nthawi iliyonse popanda kupereka chifukwa, bola chisakhale cha tsankho kapena china choletsedwa ndi lamulo. Makampani akuluakulu amangoyenera kupereka chenjezo la masiku 60 akamachotsa anthu ambiri nthawi imodzi. Mabungwe a antchito nawo ndi ochepa m'makampani a zaukadaulo, ngakhale Microsoft inavomereza bungwe lotere pakati pa antchito ena opanga masewero a pa kompyuta ku ZeniMax, imodzi mwa makampani ake, mu 2023.

Kalata ya Brummel ya 2013 inachotsa manambala ndi chiwerengero chokakamiza cha otsiriza, koma inanena momveka kuti mamanejala azigawa mphoto mogwirizana ndi bajeti yomwe apatsidwa. Thumba likadali ndi malire, ndipo mabwana amakhalabe pansi kukambirana yemwe alandire zambiri ndi yemwe alandire zochepa. Kale wantchito ankadziwa nambala yake ndi lamulo limene linaibala, ngakhale linali lowawa. Tsopano mphamvu yaikulu ili m'manja mwa manejala, ndipo izi zimakomera amene ali ndi bwana wachilungamo, wotha kumulankhulira akalowa m'chipinda chija.